Moto woyamba anazimitsa ndi apongozi

Kalata yoti kampani yandisankha kukaphunzira zozimitsa moto ku Lilongwe, maphunziro ogonera konko, sindinadikire kuti ndikaiwerengere kunyumba. Ndinaiwerenga mokweza mu minibasi kuchokera ku Makata mpaka ku Ndirande, moti kondakitala pondipatsa chenji anali atayamba kale kunditchula kuti "a Faya". Pofika madzulo mdadada wonse wa nyumba zathu unali utamva. Ine munthu woti ntchito yanga ndi kuwerenga makatoni m'sitolo ya fakitale, ndinayamba kuyenda mikono itatalikirana ndi nthiti, ndipo ndikadutsa pamene mayi wina akusonkha moto ndinkaima kaye n'kuyang'ana mbaula yake mokayikira.

Kumunsi kwa kalatayo kunali mndandanda wa zofunika: chikalata cha dokotala, nsapato zothamangira, masikipa ndi zovala zamkati za thonje lokhalokha, osati nayiloni. Kenako m'zilembo zikuluzikulu analemba kuti wophunzira aliyense afike atameta ndevu zonse.

Apa m'pamene tinasemphana ndi kalatayo. Ndevu zanga ndinayamba kuzisamala ndisanakwatire. Ndinkazidzoza mafuta, ndinkazipesa ndi chipeso chakechake, ndipo pamaliro anthu ankandidzukira pampando poganiza kuti ndine mkulu wa mpingo. Ndinakadandaula kwa aneba athu, bambo amene amadziwa chilichonse, kuyambira timu imene itenge ligi mpaka mtengo wa feteleza wa chaka chamawa.

"Achimwene, musade nkhawa," anatero akusenda mtedza. "Akuopa kuti zingayake basi. Mukamalowa m'moto muzingozinyowetsa, nkhani yatha."

Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinatsimikiza kuti ndipita nazo, tikakambirana konko ngati anthu akuluakulu.

Kenako inabwera nkhani ya mphamvu. Mnzanga wakuntchito anandiuza kuti ozimitsa moto amabereka silinda ya mpweya kumsana, kuwonjezera pa jombo, jekete lochindikala ndi chipewa cholimba, ndipo amakwera nazo makwerero. Silinda ndinalibe, koma chigubu cha malita 20 chinalipo, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Masamu anali osavuta. M'mawa kusanache bwino ndinadzaza chigubucho, n'kuchimanga kumsana ndi chitenje cha mayi akunyumba, mfundo pachifuwa, n'kulunjika phiri la Ndirande.

Chimene sindinachiwerengere m'masamuwo n'chakuti njira yopita kuphiri imadutsa pakiyosiki ya madzi, ndipo nthawi imeneyo amayi amakhala atandanda kale ndi ndowa zawo.

"Abambo, mwanayo walira usiku wonse eti? Tamutsitsani, mumuyamwitse!"

Sindinawayankhe. Munthu wa ntchito yopulumutsa miyoyo salimbana ndi pakiyosiki. Koma ana opita kusukulu anandilondola akulira ngati sailini ya galimoto yozimitsa moto, wiyuu wiyuu, ndipo nditafika pamene msewu umathera n'kuyamba miyala, chitsekerero cha chigubu chinamasuka. Poyamba ndinkaganiza kuti ndi thukuta, ndinanyadira kuti thupi layamba kugwira ntchito. Nditaona kuti thukutalo likuzizira ndipo lafika m'masokosi, ndinabwerera. Ndinadutsanso pakiyosiki pomwe paja buluku litanyowa malo ofunika kufotokozera, ndipo amayi aja sanalankhule kanthu. Kusalankhulako kunandipweteka kuposa zoyamwitsa zija.

Zovala za thonje ndinakasaka pakaunjika ku Limbe. Vuto la kaunjika n'lakuti kansalu kolemba zimene anapangira chovala kamakhala katadulidwa kapena katafufutika. Telala wathu anandiphunzitsa njira: solola ulusi umodzi m'mphepete, uyatse. Thonje limayaka ndi fungo la pepala n'kusiya phulusa lofewa, loti ukaligwira limangofumbutuka. Nayiloni amafwamphuka kuthawa moto, amasungunuka, amanunkha pulasitiki, n'kusiya kampira kolimba kumapeto. Ndiye tangoganizani kampira kameneko kakusungunukira pakhungu. N'chifukwa chake kalata ija inkakana nayiloni, ndipo pamfundo imeneyo yokha ine ndi kalatayo tinkagwirizana.

Ndinagwada pamulu wa masikipa, ndinasolola ulusi, ndinakhwatcha machesi. Ulusi woyamba unali thonje. Wachiwiri unasungunuka. Ndili pakati posolola wina, ndinangomva dzanja landigwira kolala.

"Bigi, mwabwera kudzagula kapena kudzawotcha msika?"

Anthu amalonda m'misika yathu aona moto ukunyeketsa katundu wa mpamba wonse usiku umodzi, choncho machesi pakati pa mabelo si chinthu choseka nacho. Anyamata a mabenchi oyandikana anali atandizungulira kale. Ndinayesa kufotokoza modekha kuti ndine wozimitsa moto.

"Ozimitsa moto amayenda ndi machesi? Payipi yanu ili kuti?"

Ndinagula sikipa iliyonse imene ndinaisolola ulusi, ya nayiloni ija pamodzi, pamtengo woyamba umene anatchula. Ine amene ndimanenerera ngakhale tomato wa basera.

Tsiku loti mawa lake ndinyamuka, apongozi anafika kuchokera ku Thyolo kuti adzakhale ndi mwana wawo ine kulibe. Ine ndi apongozi timapatsana ulemu wachikale. Moni timapatsana chapatali, m'manja mukuwomba, iwo atakhala chammbali pamphasa, nkhope atayang'ana kumpanda. Akafuna kundiuza kanthu amauza mayi akunyumba, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva. Apongoziwa analera ana awo ndi geni ya mandasi, akugulitsa kwa othyola tiyi patsiku la malipiro, choncho atamva kuti mkamwini akupita kutali anati sizingatheke kunyamuka opanda kamba.

Madzulo chiwaya chinakhazikidwa pambaula kukhonde la kuseri, mafuta atsopano botolo lonse. Apongozi analowa m'nyumba kukamaliza kukanda, mayi akunyumba anapita kukasambitsa mwana. Akuchoka anangoti, "Bambo, tangoyang'anirani mafutawo, atenthe pang'ono."

Kuyang'anira moto ndi kumene ndinali ndikudikira sabata yonse. Ndinaona kuti makala achepa, ndinawonjezera. Ndinaona kuti akuchedwa, ndinakupiza ndi katoni mpaka onse anafiira. Mafuta atayamba kutulutsa utsi wotuwa ndinati tsopano afika, n'kutembenuka kukayeza nsapato zanga zothamangira. Ndikumanga chingwe chachiwiri ndinamva kuti bvuu, ndipo khoma lonse linawala.

Ndinaimirira. Ndikukumbukira bwino kuti mtima sunagunde n'komwe. Ndinafuula mawu amene ndinkawayeserera m'bafa: "Aliyense asachite mantha! Ndilipo!" Kenako ndinanyamula ndowa ya madzi imene inali pakhomo.

"Abambo, ayi! Madzi ayi!"

Anali apongozi. Chikwatirire ndinali ndisanamvepo mawu awo akubwera kwa ine mwachindunji, osadutsira mwa munthu. Anatuluka manja ali ufa wokhawokha, anagwira chogwirira cha ndowa, ine ndinakoka, iwo anakoka. Pofuna kuwalemekeza ndinati ndisawakankhe, ndipo pofuna kupulumutsa nyumba ndinati ndisasiye. M'kulimbanako madzi okwana mwina kapu imodzi anakhavukira m'chiwaya.

Lawi linakwera mpaka kumalata. Ndinamva kutentha kumbali ya kumanzere kwa nkhope, kenako kaphokoso kakang'ono ka tsitsi likuthetheka. Nditatsegula maso, apongozi anali atatenga chivindikiro cha mphika waukulu, atachiika patsogolo pawo kutchinjiriza nkhope, n'kuchikhwekhwereza pamwamba pa chiwaya kuchokera chammbali. Anatenga thumba lachiguduli, analinyowetsa, analifinya bwinobwino, n'kuliyala pamwamba pa chivindikirocho. Moto unangoti zii.

"Asachigwire munthu mpaka chizizire," anatero. Kenako anasamba m'manja, anabwerera pamphasa, anakhala chammbali nkhope kumpanda monga mwa nthawi zonse, n'kuuza mwana wawo motsitsa mawu: "Uwafunse bambowo ngati kusukuluko amalola kupita ndi chivindikiro. Ndiwabwereka."

Aneba aja anasuzumira pampanda kufunsa kuti ndani wapha nkhuku osawaitana, poti akumva fungo la kuwaula. Ataona nkhope yanga analamula kuti ndipakidwe mankhwala otsukira mano, wina anati dzira laliwisi. Apongozi, kudzera mwa mayi akunyumba, anakana zonsezo. Ndinawerama pabeseni akundithira madzi ozizira patsaya kwa nthawi yaitali mpaka khosi linauma. Khungu linangofiira, silinatuze. Koma ndevu za kumanzere zinali zitapita, ndipo nsidze ya kumanzere inapita nazo limodzi.

Wometa ndinamupeza akutseka. Anandiyang'ana, anatsegulanso chitseko osafunsa kanthu, n'kumaliza mbali imene moto unasiya. Za nsidze anati ndisankhe: achotse inayo kuti zifanane, kapena ajambule yosowayo ndi pensulo ya azimayi. Ndinakana zonse ziwiri. Pa rodibuloko ya Zalewa wapolisi anayang'ana chiphaso changa, anayang'ana ine, anayang'ananso chiphasocho, n'kuitana mnzake kuti adzaonenso. Kamba wanga ulendo wonsewo anali mbatata zowotcha za pa Tsangano.

Kusukuluko m'mawa woyamba anatindandalitsa pabwalo. Mphunzitsi anali bambo wamfupi, wa mawu oti akalankhula agalu a kutsidya amayankha. Ankayenda pamzere akupapasa chibwano cha aliyense ndi kuseri kwa dzanja. Anafotokoza kuti masiki yopumira ili ndi mphira umene uyenera kumatirira pakhungu, ndipo ndevu, ngakhale za masiku awiri, zimasiya mpata. Mpweya wa m'silinda umathawira pamenepo n'kutha msanga, utsi nawo ukhoza kupeza polowera. Za kunyowetsa ndevu sanatchulepo.

Atafika pa ine anaima nthawi yaitali.

"Ndevu ndinalamula ndine. Nanga nsidze analamula ndani?"

Ndinayesa kunena kuti ndi nkhani yaitali. Anati nthawi tili nayo, milungu yambiri. Ndinafotokoza, kuyambira pamakala mpaka pandowa, anzanga akuluma milomo.

Masana m'kalasi anajambula makona atatu pabolodi: kutentha, mpweya, ndi chinthu choyakacho. Ukachotsa chimodzi moto umafa. Kenako anandiitana kutsogolo, anandiimika mbali ya kumanzere itayang'ana kalasi, n'kumaloza nkhope yanga ndi ndodo. Mafuta ophikira akamafika poyaka okha amakhala atapitirira madigiri 300, anatero, pomwe madzi amawira pa 100. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, choncho amamira pansi pa chiwaya, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madziwo. Ikamatuluka imanyamula mafuta oyakawo n'kuwamwaza m'mwamba. Zotsatira zake, anatero, ndi izi mukuziona apazi. Anzanga ankalemba m'makope mwakhama, ena ankajambula.

"Ndiye anazimitsa ndani?"

"Apongozi, bwana."

"Ndi chiyani?"

"Chivindikiro ndi thumba lonyowa, bwana."

"Anachotsa mbali iti ya makona atatuwa?"

"Mpweya, bwana."

Anagwedeza mutu mokhutira, anatsegula kaundula wa mayina, n'kutulutsa cholembera m'thumba. Anafunsa kuti apongoziwo ali ndi zaka zingati, ndiponso ngati angathe kukwera makwerero, chifukwa malo amodzi akuoneka kuti atsala pang'ono kupezeka. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pakuitana mayina linali Mkamwini, ndipo ndinkayankha.