Kope langa la mawu achizungu, sabata ya 9: variant

Sabata ino ndakakamira pa liwu limodzi lokha, variant, mawu ena aja ndinakonza ndawayika kaye pambali. Kope lofiira lija ndinagula ku Kapata market latsala masamba anayi, liwu limeneli lokha ladya awiri.

Ndinayamba kulimva pa wailesi nthawi ya korona, mawa Delta variant, mkuja Omicron ija inalengezedwa ku South Africa mu November 2021, ndiye ine mumtima ndinkangoti ndi liwu la kuchipatala basi. Nditatsegula dikishonale ndapeza kuti limanena chinthu chomwecho koma chasiyanako pang'ono ndi mmene tinachizolowera, kachilombo ndi komweko kangosintha pena pake. Pakalembedwe naponso limagwira, ku Britain amalemba colour ku America color, tanthauzo limodzi. Apa mpomwe ndinasangalala chifukwa ifenso tili nazo zimenezi, mabuku athu akusukulu kuno ku Zambia amalemba cinthu ndi Cinyanja pomwe anzathu aku Malawi kungodutsa Mwami border amalemba chinthu, koma tikamalankhula palibe angamve kusiyana. Ndazilemba zonse ziwiri mu kope ndi bolopeni yobiriwira.

Chomwe chinandivuta masiku atatu ndi kusiyanitsa variant ndi variety. Loweruka ndinapita kumudzi ndinapeza amalume akusenda nsawa pakhonde, malichero awiri, lina la Chalimbana njere zikuluzikulu zotuwirako lina la njere zofiira. Ndinati, "Malume, zofiirazi mumazitcha chiyani?" Iwo akuti, "MGV 4 mphwanga, ya ku Msekera imeneyi, ili ndi mafuta ambiri." Ndipo V uja mu MGV akuyimira variety, Msekera Groundnut Variety, dzina lochokera ku malo ofufuzira zaulimi omwe ali konkuno ku Chipata, zaka zonsezi ndimangotchula osadziwa.

Ndiye mmene ndamvera ine, variety ndi mtundu woyima pawokha pakati pa mitundu inzake, ngati mbewu zomwe mlimi amasankha kuti chaka chino ndidzala iyi. Variant nthawi zonse imakhala ndi china chomwe ikuyerekezedwa nacho, choyambirira kapena chozolowereka, iyo nkupatukako pang'ono. Variety imanenanso kuchuluka kwa zinthu zosiyanasiyana monga ndiwo zamitundumitundu pamsika, variant singalowe pamenepo.

Mnzanga wina makanika wandiuzanso kuti Volkswagen imalemba Variant pa Passat ndi Golf zija zotalika kumbuyo, galimoto yomweyo bodi yina, ndaiwonjezera pansi pa tsamba.

Ziganizo zanga ndalemba zisanu, zitatu za variant ziwiri za variety, ndikawonetsa aphunzitsi oyandikana nafe Lachiwiri akaweruka. Sabata ya 10 ndi variation, komanso ndigule kope lina.