Thumba la mchenga, ndodo ziwiri ndi bokosi la nsanza: zopanga nokha powombera chandamale

Munthu akaona kuti tizipolopolo ta mfuti yake ya mpweya tikungomwazikana pa chandamale, amayamba kuloza chala mfutiyo, kenako galasi lolunjikira, kenako tizipolopoloto. Kawirikawiri vuto limakhala pansi pa mfuti, pa chinthu chimene waigonekapo. Mwamwayi chinthu chimenechi n'chotheka kupanga ndi singano, ulusi wolimba ndi buluku lakutha, ndipo chikapangidwa mosamala sichisiyana ntchito ndi chogula.

Tigwirizane kaye malire. Zopanga nokha zithere pa zogonekapo mfuti, chandamale ndi chotchinga kumbuyo kwake. Mfuti yeniyeniyo ayi, ngakhalenso thanki ya mfuti za PCP, zija zodzaziratu mpweya wopanikizika, chifukwa imasunga mpweya wa mphamvu ya ma bar 200 kapena kuposa, pamene tayala la galimoto yaing'ono limangofuna ma bar awiri ndi pang'ono. Malamulo nawo amasiyana dziko ndi dziko: ku England mfuti yaitali ya mpweya ikapitirira mphamvu ya ma joule 16 imafuna chiphaso, ku Germany malire ake ndi ma joule 7.5. Miyeso yonse ili m'munsimu ndi ya mfuti yosapitirira ma joule 16, imene imatulutsa kachipolopolo ka mamilimita 4.5, kolemera pafupifupi theka la galamu, pa liwiro la mamita 240 pa sekondi.

Thumba la mchenga lakutsogolo, logonekapo mfuti, lichokere ku mwendo wa jinzi. Dulani chidutswa cha masentimita 30, chitembenuzeni, musoke mbali imodzi kawiri ndi ulusi wa nayiloni, mbali inayo musiye kabowo ka masentimita atatu kothirira mchenga. Khosi la botolo lapulasitiki lodulidwa limalowa bwino m'kabowoko. Mchenga ndi umene anthu ambiri amaupeputsa. Wongotapa pansi umakhala ndi fumbi, ndipo fumbilo limatuluka m'misoko n'kukalowa pa hinji ndi m'kati mwa mfuti, momwe limasakanikirana ndi girisi n'kuyamba kudya chitsulo pang'onopang'ono. Choncho usefeni kuchotsa timiyala, uutsukeni m'ndowa mpaka madzi azituluka oyera, kenako uyanikeni padzuwa mpaka uziyoyoka m'manja osamata. Ukalowa m'thumba uli ndi chinyezi umaumbika ngati njerwa, nsalu imachita nkhungu, ndipo chitsulo chilichonse chokhudzana nalo chimachita dzimbiri. Lita imodzi ya mchenga wouma imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, kotero thumba la msinkhu umenewu limadya makilogalamu atatu kapena anayi.

Musalidzaze thothotho. Thirani magawo asanu ndi anayi mwa khumi, kuti mukalimenya ndi m'mphepete mwa dzanja pazitsala kangalande kogonekamo mfuti. Lodzaza kwambiri limakhala lobulungira ndipo mfuti imagubuduka, losadzaza limafwafwanthika mukangowombera kawiri, msinkhu n'kusintha.

Lakumbuyo n'losavuta: sokosi yaitali yokhuthala, yothira mchenga magawo awiri mwa atatu, yomanga mfundo kukamwa. Limakhala pansi pa thako la mfuti. Mukalifinya thako limakwera, mpope n'kutsika. Mukalimasula mpope umakwera. Mukatero ndiye kuti mukulunjika ndi zala zitatu zokha m'malo mwa mapewa ndi msana, zimene zimatopa n'kuyamba kunjenjemera.

Apa ndi pamene eni mfuti za sipuling'i amapusitsika, ndipo ndi pofunika kuchedwapo. Mfuti ya sipuling'i, yothyola pakati ija, ikawombedwa, pisitoni imathamangira kutsogolo, mfuti yonse n'kukankhikira kumbuyo. Pisitoniyo ikagunda mpweya wopanikizika kumapeto kwa njira yake, mfuti imadumphiranso kutsogolo. Zambiri mwa izi zimachitika kachipolopolo kasanatuluke mu mpope. Tanthauzo lake n'lakuti simungailetse kugwedezeka. Chimene mungachite n'kuilola kuti izigwedezeka mofanana nthawi iliyonse. Mukaigoneka pa thabwa kapena pa thumba lolimba imanjanja, ndipo imanjanja mosiyanasiyana. Mukaikumbatira mwamphamvu, mphamvu ya manja anu siingafanane kasanu motsatizana. Njira yake ndi iyi: dzanja ligone chagada pa thumba, chikhatho chili chotambasuka, mfuti igone pa chikhathocho popanda kuigwira ndi zala, phewa ndi tsaya zizingoikhudza. Pezani malo amene mfuti imakhazikika osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, mumatepo kachidutswa ka tepi kuti dzanja lizibwerera pomwepo. Kusuntha dzanja masentimita atatu okha kumatha kusamutsa timabowo pa chandamale, munthu n'kuyamba kupotokola galasi lopanda mlandu. Pogwira chonchi dzanja lachiwiri limakhala lotanganidwa, ndiye thumba lakumbuyo lija limapindulitsa kwambiri pa mfuti za PCP ndi zoyendera mpweya wa CO2, zimene sizidumpha ndipo zimagona pa thumba mwachindunji. Koma kaya ndi mfuti ya mtundu wanji, mpope weniweniwo usagone pa chilichonse. Chogona pa thumba ndi mtengo wa kunsi kwake.

Kutchire simungayende ndi makilogalamu anayi a mchenga, ndiye pamalowa ndodo. Zikhale ziwiri zowongoka, zouma, zonenepa masentimita awiri. Zowombera mutakhala pansi zitalike masentimita 90. Zowombera choimirira zifanane ndi msinkhu wanu, chifukwa mukazitangadza zimafupika. Zimangeni pamodzi ndi mphira wa chubu cha njinga, wolenga masentimita awiri m'lifupi, pa masentimita 12 kuchokera kumwamba. Zungulizani kasanu, mupingase pakati kawiri, mumange. Ena amaboola n'kuikapo bauti. Ine ndimaona kuti mphira ndi wabwino kuposa bauti: sulira, sufooketsa ndodo ndi bowo, ndipo mungausunthe m'mwamba kapena m'munsi mukafuna kusintha msinkhu. Kuipa kwake n'kwakuti dzuwa limauphwetsa, choncho uziyang'aniridwa ndi kusinthidwa ukayamba ming'alu. Nsonga ziwiri za pamphanda zivekeni zidutswa za chubu chomwecho kuti zisakande mfuti. Kunsi khomani msomali wa mainchesi atatu, mudule mutu wake, kuti ndodo zisaterereke pa nthaka youma. Boolani kaye kabowo kakang'ono musanakhome, apo ayi ndodo ing'ambika. Poimika, miyendo ya ndodo ikhale patsogolo pang'ono, mphanda ipendekere kwa inu. Zikaima chilili zimagwera kutsogolo mukangotsamira. Ndodo ziwiri zimathetsa kugwedezeka kokwera ndi kutsika kokha. Kopita uku ndi uku kumachepa mukatsamiritsa msana pa mtengo, kapena mukawonjezera ndodo yachitatu pa mfundo yomweyo.

Chotchinga kumbuyo kwa chandamale ndiye chinthu choyenera kupangidwa choyamba, ngakhale ambiri amachikumbukira pomaliza. Zinthu zimene zimaoneka ngati zotetezeka ndi zomwe zimavulaza. Tayala lakale limabweza kachipolopolo ngati mpira, nthawi zina molunjika kumene kachokera. Thabwa lolimba limachitanso chimodzimodzi mfuti ikakhala yofooka, kapena pamalo pamene tizipolopolo tadzazana kale, chifukwa katsopano kamamenya mtovu unzake. Lata lofolera nyumba limabooka. Khoma la njerwa limaswa kachipolopolo n'kumwaza tizidutswa, ndipo madzi a padziwe amakadumphitsa kupita kumene simukuona.

Bokosi la nsanza ndi labwino kwambiri, komanso silisokosa. Khomani bokosi la matabwa la masentimita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, lakuya masentimita 25. Kumbuyo kwake, m'kati, ikani chitsulo chophwatalala cha mamilimita awiri kapena atatu ngati mlonda womaliza. Dzazani nsanza za thonje, zofwinyafwinya osati zopinda bwino, muzitsendereza ndi chibakera mpaka zikhuthale masentimita 20. Kukamwa kwake tsekani ndi katoni yomatapo chandamale. Nsanza zimagwira kachipolopolo chifukwa zimagonja pang'ono n'kukakulunga, mphamvu yake n'kuthera mu ulusi wambirimbiri. Chimene chimalakwika n'chakuti mukamawombera malo amodzi nthawi zonse pamabooka njira, ndipo tsiku lina mudzamva chitsulo chakumbuyo chikulira kuti "nge". Limenelo ndi chenjezo. Tulutsani nsanza, zikutumuleni, zakumbuyo zibwere kutsogolo, muwonjezere zina. Ndi bwino kuchita izi mukawombera tizipolopolo 200 kapena 300, osadikira kulirako.

Amene akufuna chokhalitsa apange cha chitsulo chopendekeka. Chitsulocho chikhuthale mamilimita atatu, chiime pa madigiri 45, ndipo mbali yakumwamba ndi imene iyandikire kwa wowombera, yakunsi italikire. Kachipolopolo kakamenya kamaphwanyika n'kutsetserekera pansi, m'thireyi ya mchenga wakuya masentimita asanu. Mukachipendeketsa mosemphanitsa mwapanga chodumphitsira tizipolopolo kumwamba. M'mbali mwake mutchingidwe ndi matabwa chifukwa tizidutswa timathawira cham'mbali. Chotchinga chotere ndi cha tizipolopolo ta mtovu tokha. Timipira tachitsulo ta BB sitiphwanyika, timabwerera ndi mphamvu yake pafupifupi yonse. Timeneto tiziwomberedwa m'nsanza basi. Chotchinga chachitsulochi chimasokosanso, koma mukamata mphira wokhuthala kuseri kwa chitsulocho phokoso limachepa. Magalasi oteteza maso muzivala pa zonsezi, inu ndi aliyense woonerera. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, choncho mchenga wa m'thireyi usatayidwe m'munda, kachipolopolo kasaikidwe pakamwa podikira kulowetsa mu mpope, ndipo m'manja musambe ndi sopo mukatha. Bokosi lenilenilo liikidwe patsogolo pa chulu, mulu wa dothi kapena malo oti kachipolopolo kophonya bokosi lonse sikangapeze munthu kapena chiweto. Kakawombedwa mokweza kamauluka mamita mazana angapo.

Chandamale sichifuna zambiri. Pepala lopyapyala lolendewera palokha limang'ambika, bowo lake osayezeka, choncho limateni pa katoni. Tizipolopolo ta mutu wophwatalala timadula bowo lozungulira bwino, tosongoka timangong'amba. Pa mpikisano wa mfuti yaitali ya mpweya wa mamita 10 wa ISSF, bungwe la dziko lonse la masewera owombera, bwalo lakuda limakhala la mamilimita 30.5, ndipo kadontho kapakati kopatsa mapointi 10 ndi ka theka la milimita. Ngati mukulunjika ndi maso opanda galasi, jambulani bwalo lakuda la mamilimita 30 pa mtunda womwewo. Ngati muli ndi galasi, bwalo lotere ndi lalikulu kwambiri, mtanda wa m'galasi umasochereramo. Kadontho ka mamilimita asanu n'kokwanira. Jambulani timadontho tambiri pa pepala limodzi, kalikonse kawomberedwe kasanu, kuti nsanza zisabooke malo amodzi.

Poyeza, tengani timabowo tiwiri totalikirana kwambiri, muyeze kuchokera kunja kwa kena kufika kunja kwa kanzake, muchotsepo kukula kwa kachipolopolo, 4.5 kapena 5.5. Chotsalacho ndiye kukula kwa gulu lanu. Musakhudze galasi mpaka gululo litayamba kufanana katatu motsatizana. Likafanana, werengerani musanapotokole. Pa magalasi ambiri kudina kumodzi kwa chopotokolera ndi kota ya MOA (muyeso wa ngodya), komwe ndi mamilimita 7.3 pa mamita 100, koma 1.8 okha pa mamita 25, ndi 0.7 pa mamita 10. Gulu likapatuka mamilimita 18 kumanzere pa mamita 25 mudina ka 10. Kupatuka komweko pa mamita 10 kumafuna ka 25. Ambiri amadina katatu, n'kuona kuti palibe chasintha, n'kuganiza kuti galasi lafa. Pa mfuti yopanda galasi, kolunjikira kakumbuyo kamasunthidwira mbali imene mukufuna kuti timabowo tipite.

Chikatsala n'chingwe. Mangani nati yolemera ku chingwe chowala cha mita imodzi, muchilendeweze pambali pa chandamale. Mzere woimirira wa m'galasi uzigona pa chingwecho musanawombere. Galasi limakhala masentimita anayi kapena asanu pamwamba pa mpope, ndipo mpope umaloza m'mwamba pang'ono kuti njira ziwirizi zikumane. Ndiye mukapendeketsa mfuti kumanja, timabowo timasamukira kumanja ndi m'munsi. Pa mamita 10 sizioneka kwenikweni, pa mamita 30 kupendekeka kosaoneka ndi maso kumakuphonyetsani. Kukakhala mphepo, natiyo ilowe m'chitini cha madzi kuti chingwe chisamalendewere uku ndi uku, koma isakhudze pansi pa chitinicho.