Maenje anga oyera aja

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kuvina mu labotale. Mwayi wake sindinavine.

Ntchito yanga ndi yolera maselo a chitetezo cha m'thupi otchedwa macrophage, aja amameza tizilombo. Athu ndi ochokera ku mbewa, mtundu wa RAW 264.7, ndipo amakhala m'kabati yofunda madigiri 37. Tikafuna kuwaputa timawathira LPS, yomwe imapezeka pakhungu la mabakiteriya monga E. coli. Iwo amangoti adani alowa. Puloteni ya NF-kB imathamangira mkatikati mwa selo kukadzutsa majini, basi selo layamba kulavula nitric oxide, TNF-alpha ndi IL-6. Bala likamatupa, kufiira n'kumatentha, ambiri mwa ochititsa ndi amenewa.

Nitric oxide sachedwa kusanduka nitrite, choncho timayeza nitrite-yo. Tikatapa madzi amene maselo akhalamo n'kuthiramo mankhwala a Griess, amasanduka pinki. Pinki akachuluka ndiye kuti maselo akwiya kwambiri.

Ine ndinkafuna kuona ngati masamba ena angaziziritse mkwiyo umenewu, choncho ndinali nditaviika masamba ouma mu ethanol, n'kuumitsa, n'kusungunula zotsalazo mu DMSO, madzi osungunulira mankhwala. Ndinadontheza pa maselo oputidwa ndi LPS m'kambale ka maenje 96, kwina pang'ono, kwina kwambiri, n'kudikira maola 24. M'mawa mwake maenje a LPS yekha anali pinki wamphamvu. Amene ndinathiramo zamasamba zambiri anali mbee, ngati madzi akumwa. Ndinanyamula kambaleko kupita kwa aphunzitsi anga mtima uli dididi.

Anakayang'ana pang'ono chabe. "Nanga mwaona ngati maselowa ali moyo?"

Ndinali ndisanaone. Ndinabwerera kukathira MTT, mankhwala achikasu amene maselo amoyo amawasandutsa a pepo. Maenje anga onyaditsa aja anangokhala achikasu. Ndinali nditawapha onse, ndipo selo lakufa silitulutsa nitric oxide. Manyazi anandigwira, ngakhale aphunzitsiwo sanaseke (bola akanangoseka).

Chimene chinatsala n'chaching'ono: m'maenje a mlingo wochepa maselo anali amoyo, ndipo pinki anazirala pang'ono. Pamenepo pokha ndi pamene ndingatsegule pakamwa.

Sikuti ndasiya kukhulupirira zomera ayi. Makungwa a mtengo wa willow ali ndi salicin, ndipo njira yofikira ku aspirin, amene Felix Hoffmann anapanga mu 1897, inayambira pamenepo. Koma panapita zaka 74 kuti John Vane asonyeze, mu 1971, kuti aspirin amaletsa thupi kupanga ma prostaglandin, amene amabweretsa kutupa ndi ululu. Chimene chimandinyansa ndi kuthamanga. Tengani curcumin, mankhwala achikasu a mu turmeric, chokometsera ndiwo chija. M'kambale amafooketsadi NF-kB, koma munthu akamwa, wochepa kwambiri ndi amene amalowa m'magazi, ndipo chiwindi sichichedwa kumusintha. M'kambale mwangamu mulibe matumbo, mulibe chiwindi, mulibe impso. Komanso m'madzi a masamba muli mankhwala ambirimbiri osakanikirana, moti sindikudziwa n'komwe amene wagwira ntchitoyo.

Mawa ndikubwerezanso, katatu, ndi milingo yochepa yokhayokha. Ndiikanso maenje a DMSO yekha, chifukwa nayenso akachuluka amapweteka maselo. Botolo la MTT ndaliika kale kutsogolo kwa la Griess m'firiji.