Funso la ulesi ndi funso la munthu wosadziwa kufunsa

Gulu lathu lophunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, limakumana Loweruka ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ambiri ndife adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito kuno, ndiye phunziro limayenda m'Chichewa chothira Chishona apa ndi apo. Funso limene limatopetsa anzathu amene anapita patsogolo ndi ili: "Achimwene, pulogalamu yanga siyikuyenda, ndithandizeni." Basi. Wofunsayo sanena zimene walemba, zimene amafuna kuti zituluke, ngakhale zimene kompyuta yamuyankha.

Ena amati umenewu ndi ulesi, woteroyo angouzidwa kuti akafufuze yekha pa Google. Ine sindigwirizana nazo. Mnyamata wa ku Mufakose amene wagula bando ya WhatsApp yokha sangatsegule Google, ndipo magetsi akapita m'mawa, laputopu yobwereka imazima asanayese kachiwiri. Komanso woyamba kumene sadziwa n'komwe mawu oti afufuzire. Makolo anati safunsa anadya phula, ndiye sitingauze munthu kuti azifunsa kenaka n'kumukalipira atafunsa.

Chimene chandithandiza ndi kubweza mafunso atatu m'malo mopereka yankho: mumafuna ichite chiyani, mwalemba chiyani, ndipo mzere wotsiriza wa uthenga wa vuto ukuti chiyani? Funso lachitatulo ndiye lalikulu. Pulogalamu ikalephera, Python imatulutsa Traceback, mizere yambirimbiri yoopsa m'maso, koma dzina la vuto limakhala pansi penipeni. NameError ikutanthauza kuti mwaitana dzina limene simunalikhazikitse, kawirikawiri chifukwa chophonya chilembo chimodzi. IndentationError ndi mipata ya kumayambiriro kwa mzere imene sinayalidwe bwino. TypeError imabwera mukaphatikiza nambala ndi mawu, monga 5 ndi "5". Kuyambira pa Python 3.10, ya mu 2021, uthengawo nthawi zina umakuuzani ndithu dzina limene mwina mumafuna kulemba. Munthu akangophunzira kuwerenga kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mafunso ake amasintha msanga, ndipo ambiri amadziyankha okha ali pakati pofotokoza.

Pali vuto lina limene limaoneka ngati ulesi pomwe gwero lake ndi mabuku akale. Python 2, mtundu wakale wa Python, inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, koma maphunziro ake akadayendabe m'mafoni a anthu. Wina amakopera print (lamulo loonetsa mawu pa sikirini) yopanda mikutiramawu monga amalembera mu Python 2, Python 3 n'kukana ndi SyntaxError, kutanthauza kuti kalembedwe kalakwika, iye n'kumadziona ngati mbuli. Ameneyu wachita khama, wangotsata buku lolakwika.

Aulesi enieni alipo, ndipo mafunso atatu aja amawaonetsa poyera. Amene wabwera ndi ntchito ya ku koleji kuti timulembere yonse sayankha kuti wayesa chiyani, chifukwa sanayese. Ameneyu timamuuza mwaulemu kuti alembe kaye mizere ingapo, ngakhale yolakwika, tidzayambire pamenepo. Kumulembera n'kumupweteka, poti mayeso adzalemba yekha.

Mafunso osakhudza phunziro ndiye ovuta kwa ife, chifukwa ndife anthu odziwana. Wina foni yakana kutchaja, wina akufunsa za ganyu, wina wabwera ndi uthenga wa maliro ku Dzivarasekwa. Uthenga wa maliro sudikira, timaimitsa zonse n'kumva. Zinazo tinagwirizana kuti zizibwera tikatseka makompyuta, ndipo wotsogolera amangoti, "Bambo, imeneyo tiisunge, tikambirana pomaliza." Akatero ayenera kuikumbukiradi, apo ayi munthuyo sadzafunsanso ngakhale za phunziro.

Sabata ikubwerayi aliyense abwere ndi pulogalamu imene waiwononga dala, asinthane ndi mnzake, ndipo mnzakeyo apeze vuto pongowerenga Traceback.