Hilux ya alamu ndi makaniko wa ku Mbare

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amagwira ntchito ku Johannesburg koma galimoto yawo imagona kwathu ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ndi Toyota Hilux ya 2008, yokoka ndi matayala onse anayi, yoyera ikasambitsidwa. Tinapangana kuti ine ndiziitulutsa mwa apo ndi apo kuti batire isafe, ndipo Disembala akafika eni ake aziitenga ulendo wa kumudzi, kudzera ku Mutoko, Nyamapanda, Tete, mpaka kukatulukira pa chipata cha Dedza. Mwa apo ndi apo wangayo anakula. Galimoto inadziwa ku Domboshava kokatenga tomato, inadziwa manyowa, inadziwa njerwa, ndipo maliro alionse a munthu wa kwathu kuyambira ku Mabvuku mpaka ku Dzivarasekwa inali yoyamba kufika.

Mvula itakumba maenje m'misewu, kutsogolo kunayamba kuyankhula. Ukangogunda dzenje, gudu! Ukaponda mabuleki, gudu, kwinaku chiwongolero chikukukokera kudambo. Matayala akutsogolo anadyeka mkati mokha, kunja ali atsopano.

Makaniko wina ku Gazaland, ku Highfield, anaikweza, n'kulowetsa chitsulo chachitali pansi, n'kutekenya. Anandiitana kuti ndione ndekha. Tayala lililonse lakutsogolo limagwiridwa ndi zitsulo ziwiri zampanda, cham'mwamba ndi cham'munsi, zimene amakaniko amati ma control arm. Mbali yakutayala kuli ball joint, mfundo yachitsulo imene imalola tayala kukhota, mbali yakuthupi la galimoto kuli mabushi a labala amene amalola chitsulocho kukwera ndi kutsika osagundana ndi chinzake. Mabushi am'munsi anali atang'ambika, labala wake akuyoyoka. Iye anati ndi bwino kusintha ma control arm onse awiri am'munsi athunthu, popeza ball joint nayo inali itatopa. Anatchula mtengo wa zitsulo, kenako mtengo wa manja ake. Wachiwiriwo unandikhala pakhosi.

Alamu sanavute. Tsiku lomwelo anatumiza madola a zonse ziwiri, zitsulo ndi manja. Ndinawerenga ndalamazo ndili pakhonde, ndipo ndinayamba kuyang'ana manja anga. Anali manja abwinobwino, a zala khumi. Usiku umenewo ndinaonera mavidiyo pafoni mpaka bandulo inatha. Mzungu wina anasintha chitsulocho mu galaja yowala, osadetsa ngakhale malaya, akuyankhula ndi galu wake. Ndinagona ndili makaniko.

Zitsulo ndinakagula ku Kaguvi Street, kumene sungaime n'komwe anyamata asanakuzinge, aliyense akulumbira kuti ali ndi chimene ukufuna usanachitchule. Ndinasankha sitolo ya munthu wofatsa, ndinagula ziwiri, chimodzi cholembedwa L, china R. Sipanala zazikulu ndinabwereka kwa aneba. Ovolosi ndinagula yatsopano, yabuluu, chifukwa ntchito imayamba ndi maonekedwe.

Loweruka m'mawa anthu anali atasonkhana kale. Kunyumba kwathu timakhala ndi amalume, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Anabwera kuno ali kamnyamata m'nthawi ya Chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, ndipo moyo wawo wonse anathera pa famu ya fodya ku Mvurwi, akukonza mathirakitala ndi Land Rover ya bwana. Akakwiya mzinda uno amautchulabe Salisbury. Anakoka mpando wandalema n'kuuika pamthunzi wa mpapaya, pamalo poonekera zonse.

"Mphwanga, njerwazo chotsa. Galimoto sikhalira njerwa. Tenga chitsa chija."

Apa ndinawamvera, chifukwa njerwa imasweka osachenjeza ndipo pansipo pamakagona ine. Koma atayamba za Land Rover yawo, mumtima ndinati tsabola wakale sawawa. Galimoto yawoyo inali ya masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, yopanda control arm ngakhale imodzi. Angandiuze chiyani?

Chinthu chimodzi mzungu uja anachibwereza mpaka ndinachiloweza. Mabawuti awiri amene amamanga control arm yam'munsi ku thupi la galimoto si mabawuti wamba. Ali ndi mawashala amene bowo lake silili pakati, ndiye ukawazunguza, chitsulo chonse chimasendera mkati kapena kunja, tayala n'kupendekera komweko. Akatswiri a alignment, owongola kaimidwe ka matayala, amasewera ndi mabawuti amenewa. Usanamasule uyenera kulemba chizindikiro pa washala ndi pa thupi la galimoto kuti pobwezera zikakumane pomwe zinali. Penti ndinalibe. Ndinalowa kuchipinda mwakachetechete n'kutenga kyuteksi wofiira wa mayi a kunyumba, uja amapaka kukakhala ukwati. Ndinajambula timizere tokongola mbali zonse ziwiri. Kabotolo kanatha theka.

Tayala linachoka bwino. Kapini ka pa nati ya ball joint kanachoka bwino. Bawuti ya shock inachoka nditaitukwana pang'ono. Pofika apa ndinali nditayamba kuimba mluzu, ana a aneba akupatsirana sipanala ndi ulemu. Kenako ndinakumana ndi bawuti yakumbuyo.

Nati inamasuka, koma bawutiyo inakana kutuluka. Inali itachita dzimbiri n'kumamatirana ndi kapaipi kachitsulo ka mkati mwa bushi, zaka zonse zija za madzi ndi matope. Ndinathira mafuta. Ndinamenya ndi hamala. Ndinathira palafini, ndinamenyanso. Amalume anati ndithire, ndikadye nsima, ndibwere, chifukwa dzimbiri silimva ukali, limamva nthawi. Ine ndinakatenga paipi yamadzi yaitali kuposa ine, ndinaiveka ku sipanala, n'kuikolekera thupi langa lonse. Bawuti sinasunthe. Chimene chinasuntha ndi sipanala. Inapulumuka, ine ndinabwerera chafutambuyo, ndinadutsa pa beseni la zochapa, n'kukakhala pansi pakati pa bedi la repu wa mayi a kunyumba, wongothiriridwa kumene, wa manyowa omwe aja ndinabweretsa ndekha pa Hilux yomweyi.

Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka. Mayi a kunyumba anasuzumira pawindo la kukhitchini, anayang'ana repu, anayang'ana ine, n'kufunsa mofatsa kuti, "Bambo, ndiwo zamasana mwathyola kale?"

Ndinadya nsima. Nditabwerako ndinangogogoda kawiri bawuti ija n'kutuluka yokha. Amalume sananene kanthu, anangokweza wailesi.

Tsopano chitsulo chatsopano. Ndinaima kutsogolo kwa galimoto, ndinayang'ana mbali imene ndinamasula, inali kudzanja langa lamanja. Ndinatenga cholembedwa R. Ndinachilowetsa, mabushi anakhala ngati akufuna kulowa, koma pomangira shock panali patathawira kwina. Ndinachitembenuza, ball joint inaloza kolakwika. Ndinachikankha ndi jeke, ndinachimenya ndi thabwa, ndinachichonderera. Pamapeto ndinazindikira kuti wofatsa wa ku Kaguvi Street uja wandigulitsa chitsulo cha galimoto ina.

Ndinakwera kombi ndi ovolosi ya manyowa kumbuyo, chitsulo chili pamiyendo. Kondakitala anafuna kuti ndichilipirire mpando. Mayi amene ndinakhala naye anatsegula windo, ndipo sanalitsekenso mpaka m'tauni. Ndinalowa m'sitolo ndikuyankhula Chishona chaukali, chimene chimandithawa ndikapsa mtima, moti theka linatuluka Chichewa. Wofatsa uja anandisiya ndimalize. Kenako anafunsa kuti ndamasula mbali iti, ya dalaivala kapena ya wokwera. Ndinati ya wokwera.

"Achimwene," anatero, poti kuno tonse a ku Malawi ndife achimwene, "mukakhala pa chiwongolero, wokwera amakhala kudzanja lanu liti?"

Anyamata a m'sitolomo anayamba kupukuta mashelefu amene anali oyera kale. Kumanzere ndi kumanja kwa galimoto kumawerengedwa munthu utakhala mkati, ukuyang'ana kumene ikupita. Chitsulo choyenera chinali kunyumba, m'katoni mwake, pafupi ndi phazi la amalume. Ndinanyamula katundu wanga n'kukakweranso kombi.

Ndikufika pageti, mwana wanga woyamba anandithamangira nkhope ikuwala. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndi mwana wa mtima wabwino, izi ndinene. Ataona kuti bambo ake avutika, anaganiza zothandiza. Anatenga thinazi wotsala popenta geti ndi bulashi yawaya, n'kutsuka mabawuti onse, mawashala onse, n'kukwawira pansi pa galimoto kukapukuta mbali zonse ziwiri.

"Adadi, panali zofiirafiira, ndachotsa zonse."

Ndinayang'ana amalume. "Simunamuone?"

"Ndinamuona. Koma ine ndi wa Land Rover."

Lamulungu ndinajomba kutchalitchi. Ndinamanga mbali zonse ziwiri, mabawuti aja ndikuwazunguza mongoyerekeza ndi diso, ndikutsinzina limodzi. Ndinalimbitsa chilichonse ndi paipi yanga ija galimoto ikadali m'mwamba, kuti pasapezeke wonena kuti ndinasiya chogwedera. Amalume anatsokomola, anati zamalabala zimamangidwa galimoto itaponda pansi. Ndinati zimenezo ndi za mathirakitala.

Titaitsitsa, msewu wonse unabwera kudzaona. Hilux ya alamu inali ndi matewe. Tayala limodzi linapendekera mkati, linzake kunja, ndipo kuti galimoto ilunjike kutsogolo chiwongolero chinayenera kuloza kwa aneba.

Lolemba ndinanyamuka ulendo wokafuna alignment, amalume ali pambali panga atavala jekete, ati sangaphonye. Mu High Glen Road matayala ankalira tswiii ngakhale ndinkayenda liwiro la njinga. Makombi ankatipitirira akuimba mahutala, makondakitala atatulutsa mitu, akuloza matayala ndi manja onse awiri. Wina anakuwa kuti mudhara, galimoto yanu ikufuna kupita mbali ziwiri. Amalume ankawabayibitsa onse. Kunena zoona, gudu uja anali atatheratu. Ndinawauza amalume zimenezi. Anati n'zoona, munthu sangamve gudu pa phokoso lotere.

Kwa makaniko woyamba uja sindikanabwererako. Ndinakhotera mu Willowvale Road n'kulowa pa galaja ina yokhala ndi makina a kompyuta. Mkulu wa pamenepo analowa m'dzenje, anakhalamo kanthawi, kenako anaitana anzake onse kuti adzaone. Atamva ine ndi amalume tikunong'onezana, anatulutsa mutu n'kutilonjera m'Chichewa cholemera Chishona. Agogo ake anali a ku Mangochi, mtchona wa m'migodi. Chibale chinakula pomwepo, ndipo chifukwa cha chibalecho anakwiya m'malo mwanga.

Anandionetsa chilichonse. Mabawuti aja anali atazunguzidwa lina uku lina uko. Mabushi atsopano anali opotoka, chifukwa ukawalimbitsa matayala akulendewera, galimoto ikatsika labala amakhala wopindika nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika. Bawuti imodzi mazinga ake anali ataphwanyika ndi hamala. Kapini ka pa nati ya ball joint mbali imodzi kanalibe, ndipo apa sanaseke, anati nati imeneyo ikamasuka pamsewu tayala limagona pansi galimoto ikuthamanga. Kapiniko kanali m'thumba la ovolosi yanga, ndinkakamva kakundibaya pantchafu.

"Achimwene, wakupangani zimenezi ndani?"

Ndinameza malovu. "Kamakaniko kena ka ku Mbare."

"Ku msika wa Siyaso?"

"Komweko."

"Chigawenga chimenecho! Chimafuna kukuphani. Munachilipira?"

"Zonse," anayankha amalume. "Chinalandiriratu ntchito isanayambe."

Ndinaima pamenepo ndikuvomereza ndi mutu pamene anthu asanu ankatukwana makaniko wa ku Mbare, mayi ake, ndi amene anamuphunzitsa ntchito. Penapake ndinaponyapo mawu anga, ndinati anthu otere boma liziwamanga. Bilu itabwera, ya alignment, bawuti yatsopano ndi kumasula zonse n'kumanganso, inaposa ndalama ya manja ija ndinkaisirira. Ndiponso ndalamayo inali itapita kale ku ovolosi, makombi, bandulo, kyuteksi watsopano ndi mbewu ya repu.

Kunalibe kuchitira mwina, ndinaimbira alamu. Nkhani ya ku Mbare inali itapsa kale, ndinangoipakula. Mayi a kunyumba anali pafupi akusita, ndipo alamu atapempha kuyankhula ndi mlongo wawo, iwo anatsimikiza zonse ndi mawu achisoni. Anawonjeza kuti makanikoyo anawaonongeranso dimba.

Alamu anatumiza ndalama. Koma alamu anga ndi munthu amene sataya ngakhale chenji cha machesi. Atafika mu Disembala, asanamwe n'komwe tiyi, anati tiyeni ku Mbare tikatenge ndalama zathu.

Tinazungulira Siyaso dzuwa lili pamutu, pakati pa owotcherera mageti, ogulitsa mabawuti a dzimbiri ndi osula mbaula. Ine ndinali kutsogolo, ndikusuzumira m'mashedi, ndikupukusa mutu. Apa ayi. Apanso ayi. Mwina anasamuka. Alamu ankafunsa aliyense, ndipo aliyense ankafuna kudziwa maonekedwe a munthuyo. Ine ndinati sindinamuyang'anitsitse.

"Ine ndinamuyang'anitsitsa," anatero amalume, atatsamira ndodo yawo. "Wamfupi, wakamimba, dazi likuyamba apa. Ovolosi yabuluu, yatsopano."

Wowotcherera wina anatsitsa magalasi ake, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwerera kumutu. Alamu anali kalikiliki kulemba m'foni.

"Pitirizani amalume. China chimene mukukumbuka?"

"Akamayenda amanunkha manyowa. Ndipo ndikamuona bwinobwino, alamu, ameneyu ndi wa kwathu ku Dedza."

Alamu analumbira kuti ndiye zaphweka, akafika kumudzi akafunsa kwa amfumu.