Kutuluka N'kovuta Kuposa Kulowa

Lachiwiri, usiku.

Ntchito imene ndinadzilembera m'mawa uno inkaoneka yaing'ono: kuyesa tsamba losinthira pasiwedi pa pulogalamu ya pa intaneti imene takhala tikuikonza kwa miyezi ingapo, yomwe anthu oyamba ayamba kale kuigwiritsa ntchito. Ndinalowa mu akaunti yoyeserera pa kompyuta, ndinalowanso mu akaunti yomweyo pa foni, kenaka foniyo ndinaiika pa tebulo sikirini itayang'ana kumwamba. Nditasintha pasiwedi pa kompyuta, kauthenga kobiriwira kanatulukira konena kuti zatheka, ndipo ndinatsala pang'ono kuchonga kuti ntchitoyo yatha. Chinandiletsa n'chakuti maso anga anagwera pa foni ija, yomwe inkaonetsabe tsamba la mkati ngati palibe chimene chachitika. Ndinaganiza kuti ndi tsamba lakale chabe lotsalira pa sikirini, choncho ndinalikoka ndi chala kuti litsegukenso, ndipo linatseguka. Ndinapita pa zosintha za akaunti, ndinalemba imelo ina, ndinadina batani losunga, seva, kompyuta imene imayendetsa pulogalamu yathu, n'kuvomera popanda kundifunsa kanthu.

Pamenepo nkhawa inandigwira. Munthu sasintha pasiwedi mwachisawawa. Ambiri amaisintha akamakayikira kuti wina walowa mu akaunti yawo, kapena foni ikabedwa, kapena akakumbukira kuti anaiwala kutuluka pa kompyuta ya munthu wina. Munthu wotereyu akaona kauthenga kobiriwira kaja mtima wake umakhala m'malo, chonsecho wakubayo adakali mkati, ndipo monga ndadzionera ndekha lero, angathe kusintha imelo n'kulanda akauntiyo kotheratu. Tinkamusinthira munthu loko wa pa chitseko, mlendo wosaitanidwa atakhala kale kuchipinda.

Gwero la vutoli silinachedwe kupezeka. Munthu akalowa, seva yathu imamupatsa token, chiphaso chosonyeza kuti walowa. Yathu ndi ya mtundu wa JWT yokhala ndi moyo wa masiku 30, ndipo browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imaisunga mu localStorage, malo ake osungiramo zinthu. Pa pempho lililonse seva imangoona zinthu ziwiri: ngati siginecha ya token ndi yoona, komanso ngati tsiku lake lothera silinakwane. Siifufuza ngati mwini wake wasintha pasiwedi, chifukwa ilibe poti ikafufuze. Kuti nditsimikize, ndinakopera token ija, ndinadina batani la "Tulukani", kenaka ndinatumiza pempho kudzera pa curl, chida chotumizira mapempho ku seva popanda browser, pogwiritsa ntchito token yomweyo. Seva inayankha 200, nambala yotanthauza kuti yavomera, n'kundibweretsera dzina ndi imelo ya mwini akaunti. Zinaonekeratu kuti batani lathu lotulukira limangofufuta token mu browser imodziyo, pomwe kwa seva munthuyo sanatuluke konse.

Ndinakhala chete kwa kanthawi ndikuganizira chiyambi cha zonsezi, chifukwa vutoli ndi lakale kuposa pulogalamu yathu. HTTP, njira imene browser ndi seva zimalankhulirana, inapangidwa yosakumbukira: seva ikayankha pempho limodzi imakuiwala, ndipo pempho lotsatira imalilandira ngati lochokera kwa mlendo. Mu 1994 Lou Montulli, yemwe ankagwira ntchito ku Netscape, anabweretsa cookie kuti browser izinyamula kachidziwitso kakang'ono n'kumakabweza kwa seva pa pempho lililonse, ndipo malamulo ake amene anthu ambiri amatsatira analembedwa mu chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 6265 mu 2011. Kuchokera pamenepo, njira zokumbukirira munthu wolowa zili pawiri. Yoyamba ili ngati mlonda wokhala ndi buku pa khomo: amakupatsa nambala yopanda tanthauzo lililonse payokha, iye n'kulemba m'buku mwake kuti nambalayo ndi ya uje, analowa nthawi yakuti. Akafufuta mzere umenewo, nambala yako yatha ntchito nthawi yomweyo. Yachiwiri ili ngati kalata yodindidwa chidindo: zonse zokhudza iwe zalembedwa m'kalatamo, ndipo mlonda safuna buku, amangoona chidindo ndi deti. JWT, yomwe inakhazikitsidwa mu RFC 7519 mu 2015, ndi kalata yotereyi. Ili ndi zigawo zitatu zolekanitsidwa ndi madontho, ndipo nthawi zambiri zolembedwa mkati mwake sizibisika, aliyense angathe kuziwerenga. Chimene sangathe ndi kuzisintha popanda kuwononga siginecha. Ubwino wake ndi womwewo umene uli kuipa kwake: ikangotuluka m'manja mwa seva, siibwezeka mpaka deti lake litakwana. Madzi akatayika saoleka.

Cha m'ma 11 ndinaitana mnzanga wamkulu pa ntchitoyi, amene anakonza gawo lolowera pamene tinkayamba. Ndinati, "Achimwene, tabwerani mudzaone zimene foni iyi ikuchita." Anaima kumbuyo kwanga, ndinabwereza zonse kuyambira poyamba, ndipo imelo itasinthika kachiwiri anakoka mpando n'kukhala pansi. Sanatsutse zimene anaona, koma anafotokoza chifukwa chimene anasankhira njirayi. Anati, "Inu mukudziwa kuti tinkaganiza zoti mtsogolo tidzakhala ndi maseva angapo, ndipo sindinkafuna kuti pempho lililonse lizikagogoda ku database." Database ndi nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zinthu zake zonse. Mfundo yakeyo ndi yomveka, ndipo ndinamuuza choncho. Pamene pali mapulogalamu ambiri a eni osiyanasiyana amene ayenera kukhulupirira munthu mmodzi, monga zimakhalira ndi njira zotchedwa OAuth 2.0 ya mu 2012 ndi OpenID Connect ya mu 2014, kalata yodindidwa imathandiza kwambiri, chifukwa wolandira safunika kufikira buku la mnzake. Koma ife tili ndi seva imodzi ndi database imodzi, ndipo pafupifupi tsamba lililonse limafunsa kale database zinthu zina. Funso limodzi lowonjezera, lofufuza mzere umodzi ndi kiyi wake, palibe wogwiritsa ntchito amene angalizindikire.

Tinayesa kaye kuona ngati JWT ingapulumuke. Njira ina inali kusunga mndandanda wa matoken oletsedwa, koma ndiye kuti seva iyenera kuona mndandandawo pa pempho lililonse. Ina inali kulemba nambala pa akaunti iliyonse, yomakwera munthu akasintha pasiwedi, n'kumaiyerekezera ndi imene ili mu token. Nayonso imafuna kufunsa database. Yachitatu, imene ambiri amatsatira, ndi kufupikitsa moyo wa token kukhala mphindi zochepa, n'kupereka refresh token, ina yopemphera token yatsopano, yolembedwa ku seva, yomwe imasinthidwa nthawi iliyonse ikagwiritsidwa ntchito. Imeneyi ndi yabwino ndithu, komabe imasiya kampata ka mphindi zimenezo pamene wakuba adakali ndi mphamvu, ndipo imawonjezera khodi yambiri yoti tiziisamalira. Titalemba zitatuzi pa bolodi, mnzangayo ndiye anayamba kuona chimene chinkazigwirizanitsa. Anati, "Ndiye kuti kulikonse kumene tingadzere, tikubwerera ku buku la mlonda lomwelo." Ndicho chimene ndinkafuna kuti tigwirizane: ngati tikufuna mphamvu yotulutsa munthu nthawi imene tafuna, seva iyenera kukumbukira amene ali mkati. Tinagwirizana zosunga ma session, ndiye kuti zolemba za aliyense amene walowa, ku seva.

Masana onse anathera pa ntchito imeneyi. Nambala ya session ndinaipanga kuchokera ku mabayiti 32 ochokera ku chida chopangira manambala osalosereka cha chitetezo, osati chija chamasewera chimene zilankhulo zambiri za khodi zimakhala nacho. OWASP, bungwe lolangiza za chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti, imati pakhale ma bit osachepera 64 osalosereka, choncho tapitirira patali, popeza mabayiti 32 ndi ma bit 256. Mu database sindikusunga nambalayo mmene ilili koma hash yake, yomwe ndi zotsatira za masamu zosabwezeka kukhala nambala yoyambayo, kuti wina akadzaba tebulolo asadzapeze makiyi ogwira ntchito. Mzere uliwonse uli ndi akaunti, nthawi yolowera, nthawi imene munthu anaonekera komaliza, ndi mtundu wa browser. Tagwirizana kuti anthu akadzachuluka tidzasamutsira tebuloli ku Redis, nkhokwe ina yothamanga kwambiri, koma pakali pano palibe chifukwa.

Nambalayi tsopano ikuyenda mu cookie, osatinso mu localStorage, ndipo apa ndinatenga nthawi yaitali ndikuganizira mawu atatu aafupi amene amalembedwa pambali pake. HttpOnly, imene inayamba ndi Internet Explorer 6 SP1 mu 2002, imaletsa JavaScript, khodi yoyenda mu browser, kuwerenga cookie, kotero kuti wina akakwanitsa kulowetsa khodi yake pa tsamba lathu sangaitenge n'kukaigwiritsa ntchito kwina. LocalStorage ilibe chitetezo chotere. Secure imaonetsetsa kuti cookie ikutumizidwa pa HTTPS pokha, njira imene imabisa zotumizidwa. Amene anali m'ntchitoyi mu 2010 amakumbukira Firesheep ya Eric Butler, chowonjezera cha Firefox chimene chinkatola ma cookie a anthu pa Wi-Fi yosatetezedwa n'kulola munthu kulowa mu akaunti zawo pongodina kamodzi, popanda kudziwa pasiwedi n'komwe. Mawebusaiti ambiri nthawi imeneyo ankateteza tsamba lolowera lokha, n'kusiya cookie ikuyenda poyera pa masamba ena onse. Nkhani imeneyi imandikumbutsa kuti munthu akangolowa, nambala ya session imakhala ndi mphamvu zofanana ndi pasiwedi yeniyeniyo, choncho iyenera kusamalidwa mofanana. Liwu lachitatu ndi SameSite, lochepetsa kutumizidwa kwa cookie pa mapempho ochokera ku mawebusaiti ena, limene browser ya Chrome 80 inayamba kulitenga ngati Lax, mlingo wake wapakati, mu 2020 pa cookie imene sinatchule kanthu. Ine ndalilemba momveka m'malo modalira browser, ndipo ndaikanso token ya CSRF, yoletsa webusaiti ina kutumiza pempho m'dzina la munthu, pa mafomu onse osintha zinthu, chifukwa cookie imatumizidwa yokha popanda kufunsa, ndipo umenewu ndi mtengo umene talipira posamuka.

Chinthu china chimene sichiyenera kuiwalika ndi kupereka nambala yatsopano munthu akangomaliza kulowa, n'kutaya imene anali nayo asanalowe. Popanda kutero, wakuba angathe kumukonzera munthu nambala imene iye akuidziwa kale, n'kudikira kuti mwini wake alowe nayo. Ndi mzere umodzi wa khodi, ndipo ndaulembera mayeso ake kuti wina asadzauchotse mosadziwa.

Pamene tinakhalitsa ndi pa nkhani ya nthawi. OWASP imatchula mphindi 2 mpaka 5 za kusachita kanthu pa mapulogalamu osunga zinthu za mtengo wapatali, ndi mphindi 15 mpaka 30 pa amene chiopsezo chake n'chochepa. Pa pepala n'zosavuta kusankha nambala yaing'ono n'kudzimva wotetezeka, koma pulogalamu yathu ili ndi fomu yaitali imene munthu amailemba akuyang'ana m'mapepala ake, akuimirira kukafunsa wina, akubwerera. Ndinadziika m'malo mwa munthu amene walemba kwa theka la ola, wadina batani lotumiza, n'kupezeka ali pa tsamba lolowera zonse zitafufutika. Munthu ameneyu sadzayamikira chitetezo chathu. Adzayamba kufuna njira zochizembera, mwina kusankha pasiwedi yaifupi yoti aziilemba msanga. Kwa ine chitetezo chimene chimalanga mwini akaunti kuposa wakuba n'chosakonzedwa bwino. Tasankha mphindi 30 za kusachita kanthu, maola 12 ngati malire omaliza ngakhale munthu akugwirabe ntchito, chenjezo lotulukira kutatsala mphindi 2, komanso kusunga zimene walemba pa fomu kuti akalowanso azipeze. Mawotchi onsewa akuwerengedwa ku seva, chifukwa zimene browser ikunena munthu angathe kuzisintha.

Mapasiwedi okha ndinangowayang'ana mwachidule, popeza akusungidwa bwino ndi bcrypt, njira yosungira mapasiwedi mobisa imene Niels Provos ndi David Mazières anaitulutsa mu 1999. Argon2, imene inapambana mpikisano wa njira zosungira mapasiwedi mu 2015, tidzaiganizira tsiku lina. Ndafufuta pa mndandanda wathu ganizo lokakamiza anthu kusintha pasiwedi miyezi itatu iliyonse, chifukwa malangizo a mu 2017 a NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, anati kusintha kuzichitika pakakhala umboni woti pasiwedi yadziwika, osati chifukwa cha kalendala.

Gawo limene landisangalatsa kwambiri ndi kagawo katsopano pa tsamba la akaunti, koonetsa zipangizo zonse zimene munthu walowerapo: Chrome pa kompyuta, lero, Safari pa foni, dzulo madzulo. Pambali pa chilichonse pali batani lochitulutsa. M'mawa uno sitikanatha kupanga zimenezi, chifukwa seva sinkadziwa n'komwe kuti ndi angati ali mkati. Tsopano munthu akasintha pasiwedi, ma session onse amafufutidwa kupatula imene akugwiritsa ntchito, ndipo akaikonzanso kudzera pa imelo chifukwa choiiwala, amafufutidwa onse. Kusintha imelo kukufunanso pasiwedi, ngakhale munthu atakhala kuti walowa kale.

Cha m'ma 6 madzulo ndinabwereza mayeso a m'mawa aja. Ndinalowa pa kompyuta ndi pa foni, ndinasintha pasiwedi, ndinakoka tsamba la pa foni ndi chala, ndipo ulendo uno linandibweza ku tsamba lolowera. Ndinayesanso ndi curl pogwiritsa ntchito cookie yakale, seva n'kuyankha 401, nambala yotanthauza kuti yakana. Ndinaitana mnzanga uja kuti aone, ndipo atayang'ana anandikumbutsa chimene chatsala: matoken akale amene tinapereka kwa anthu enieni adakali ndi moyo, ena mpaka masiku 30, malinga ngati seva ikuwalandirabe. Njira yake ndi kuchotseratu khodi yowalandira ndi kutaya kiyi wosainira, zomwe zidzatulutsa aliyense nthawi imodzi. Tagwirizana kuti tichite zimenezi mawa m'mamawa anthu asanachuluke, ndipo usiku uno ndalemba uthenga umene adzaupeze pa tsamba lolowera, wowauza kuti tasintha mmene timatetezera akaunti zawo, kuti pasiwedi yawo sinasinthe, ndiponso kuti tikuwapempha alowenso kamodzi.