Mapu a Malawi pamsana pa ankhoswe

Alamu anga amasamalira maluwa panyumba ina kumtunda, mumsewu wopita ku Chawe. Loweruka lina kunagwa maliro kwawo ku Jali, bwana wawo ali ku Lilongwe, ndiye anandiimbira mbandakucha.

"Alamu, mudzereko mukamwetse mbalame ija. Sizichedwa."

Kumwetsa? Mbalame yasanduka ng'ombe? Sindinafunse zambiri, poti tsiku lomwelo ndinali nkhoswe pachinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga ku Matawale. Ndinavala malaya oyera ositidwa bwino, ndikutapa chimanga cha m'thumba, ulendo.

Khola lake linali lalikulu loti munthu n'kuimiriramo, pansi pa simenti, makoma okuta ndi pulasitiki, ndipo pakhomo panali ovolosi yakale. Ndinaidutsa. Munthu wopita kuchinkhoswe savala za wina.

Koma abale, mbalame ija kukongola! Mutu wabuluu, msana wobiriwira, chifuwa chachikasu chosakanikirana ndi kufiira, mlomo psuu. Kutalika kwake masentimita ngati 30, mchira womwe. Ndi mtundu wa zinkhwe wotchedwa rainbow lorikeet, kwawo ku Australia, komwenso kunachokera bulugamu wathuyu. Kumeneko zimakhalira timadzi totsekemera ta m'maluwa ndi mungu, ndipo nthutumba yake ndi yofooka, siyopera njere zolimba. Chimanga changa inangochiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutola kamodzi, n'kukaponya pansapato panga.

Pachitseko alamu anamatapo pepala. Usungunule ufa wa m'chitini m'madzi. Utsuke mbale kaye, chifukwa kukatentha timadzito timasasa msanga n'kudwalitsa mbalame. Papaya ndi apulo palibe vuto. Kenako zilembo zikuluzikulu: MAPEYALA AYI, AMAPHA. Tangoganizani, mu Zomba muno momwe mapeyala timachita kupondaponda.

Nditaika mbale, inatulutsa lilime. Kunsonga kwake kuli tiubweya tomwe timatambasuka ikamanyambita, ndipo mbale inauma ndikuona. Itakhuta inadumphira paphewa panga n'kuyamba kundipisa lilime lija m'khutu. Ine kuseka, mtima uli m'malo, ndikuti ndapeza bwenzi.

Chimene pepala lija silinanene n'chakuti cholowa ngati madzi chimatulukanso chamadzi, ndipo mbalameyi sigwetsa pansi mwaulemu monga nkhunda. Imachita kupopera. Ndinangomva kufunda kuchokera pakolala mpaka palamba. Apo m'pamene pulasitiki ndi ovolosi zija zinayamba kumveka.

Ndinathamangira beseni lamadzi lomwe linali m'kholamo kuti ndipukute. Kani ndi bafa lake. Inalumphiramo n'kukupiza mapiko, kutsogolo konse n'kunyowa, iyo ili kukuwa mpaka agalu a nyumba yoyandikana anayankha.

Nthawi inali itatha. Ndinaphimba zonse ndi jekete, n'kumanga mabatani onse, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kukwera kabaza. Mwambo wa tambala ndi nsoti ndinauyendetsa thukuta lili kamukamu, anthu n'kumati ankhoswe awa ndi aulemu zedi.

Zinavuta pa perekaniperekani. MC analamula kuti ankhoswe avule jekete avine. Ndinakana, azakhali a mkwati anandivula okha. Kunangoti zii pang'ono, kenako MC uja anazungulira kumbuyo kwanga, n'kuyang'anitsitsa, n'kukweza maikolofoni.

"Amayi ndi abambo, Chitipa uyu, nyanja iyi, Nsanje ali palamba! Aliyense amene wapaona kwawo aponye K500!"

A ku Karonga anaponya kawiri.